Nkhata ya pamlongoti ndi chala cha Mzee Haule

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ndipume pa ntchito ya wayilesi ndilibe ndi satifiketi yomwe, chikhalirecho anyamata amene ndinawaphunzitsa kugwira pulayazi anafika pokhala ndi maofesi awoawo. Amayi anu amayankha mwachidule kuti bambo anu anali ndi pakamwa. Sindiwatsutsa, koma pakamwapo ndinapatsegula tsiku limodzi lokha, ndiponso ndinachedwa nako kutsegulako. Za ubwana wanga ku Nkhotakota ndazilumpha, poti azakhali anu anakusimbirani kale, mwinanso mothira mchere wambiri. Ndiyambira pomwe ndinayambira kudya thukuta langa.

Chaka choyamba, mwezi wa Meyi

Ndinatsika sitima pa Mbamba Bay mwera utangoyamba kuwomba, Tanganyika akadali m'manja mwa Angerezi, nkhondo yaikulu itatha zaka ngati khumi. Ndinalembedwa ndi kampani ina yonyamula katundu panyanja, imene inkatenga khofi wotsika kumapiri a Amatengo n'kubweretsa mchere, nsalu ndi palafini. Kampaniyo inali ndi kanyumba ka wayilesi kumtunda kwa doko, ka chipinda chimodzi, kofolera ndi malata, ndipo kuseri kwake kunali mlongoti wa bulugama. Ine ndinali fundi, ndiye kuti mmisiri, wa kanyumbako. Dzinalo linali lalikulu kuposa ntchito yake, chifukwa tsiku ndi tsiku ndinkangoliza kainjini, kuthira madzi m'mabatire ndi kupukuta fumbi. Mathalauza anga onse awiri anabooka ndi asidi mwezi usanathe.

Amene anandilandira ndi agogo anu a Chirwa, ngakhale kuti nthawiyo sindinkalotako zoti adzakhala apongozi anga. Anali Mtonga wa ku Chintheche amene anayenda m'sitima zaka makumi awiri asanakhale kapitawo wa padoko. Atamva kuti kwafika mnyamata wa kutsidya, ananditenga ngati mwana wawo n'kundipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, ndipo kumeneko ndi komwe ndinayamba kuona mwana wawo Agnesi, amayi anuwa, akuyanika usipa pathandala. A Chirwa anali munthu wa mtima wabwino koma anali ndi matenda amodzi: sankatha kudutsa chingwe chogona molakwika. Ngakhale chikhale cha mbuzi ya eni ake, ankaima n'kuchikonza. Ankati chingwe chopotana chimapha munthu panyanja, ndipo sankanena zongomva, poti anaonapo china chikudula mwendo wa mnzawo.

Wotumiza mauthenga anali Mzee Haule, mbadwa ya gombe lomwelo, amene anaphunzira ntchitoyi ku usilikali. Mauthenga onse ankapita pa Mosi, ndiye kuti timawu tatifupi ndi tatitali togogodedwa pa kachitsulo ka mkuwa kotchedwa kiyi. Anthu a ntchito imeneyi amadziwana ndi dzanja monga momwe ife timadziwirana ndi mawu, ndipo dzanja la Mzee linali lotchuka nyanja yonse. Anzawo a m'sitima ankati akamagogoda iwo, munthu ungathe kulemba uthenga uku ukumwa tiyi. Anali mkulu wa mpingo, wosalawa mowa ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. Tinkalankhulana mosakaniza, iwo Chiswahili ndi chinenero cha kwawo, ine Chichewa ndi Chiswahili changa chothyokathyoka, koma sitinasowepo chonena. Sanandiitanepo ndi dzina langa. Kwa iwo ndinali Fundi kuyambira tsiku loyamba, pamene ndinali ndisanakonze ngakhale tochi.

Chaka chachiwiri, mvula itakata

Msewu wa ku Songea utauma, kunabwera injiniya wa kulikulu ndi makina atsopano amphamvu. Anthu anamupatsa dzina loti Bwana Saa chifukwa ankayang'ana wotchi ngakhale popereka moni. Anagwetsa waya wathu wakale n'kukweza eriyo ya mawaya awiri otambasuka uku ndi uku, ndipo pakati pomwe mawayawo amakumana panatsika chingwe chakuda chonenepa ngati chala chamanthu. Chingwe chimenecho ndicho kowakisi. Mkati mwake muli waya mmodzi, wokutidwa ndi zoyera zolimba, ndipo pamwamba pa zoyerazo pali timawaya toluka ngati mkeka, kenako khungu lakuda. Bwana Saa anachiyendetsa mozungulira nyumba yonse m'munsi mwa denga kuti chikalowere pakhomo, chifukwa sankafuna kuboola chipupa cha kampani. Pochoka anakhomera pepala pachitseko: palibe wololedwa kukhudza eriyo kapena chingwe chake popanda kalata yake. Lamulolo silinali la nkhanza chabe. Pa doko lina fundi wina anali atasewera ndi eriyo n'kuwotcha mavavu, timababu ta mkati mwa makina, ndipo dokolo linakhala chete theka la chaka podikira ena.

Miyezi yoyamba zonse zinayenda bwino. Pofika mu Ogasiti, mchenga utauma gwa, ndinayamba kumva kuti dzanja la Mzee lasintha. Ankagogoda bwinobwino kenako n'kudumpha pakati pa liwu, kuyambiranso, n'kudumphanso. Tsiku lina ndinawaona atakulunga chala chamkombaphala ndi kansalu. Nditafunsa anati anadzicheka posenda chinangwa. Ndinawakhulupirira mpaka tsiku lomwe ndinamva fungo la chinthu chowauka m'chipindamo, makina akulira. Nditawamasula kansaluko ndinapeza timabala toyera, tating'ono koma takuya, tambirimbiri, tina takale tina tatsopano. Ananena motsitsa mawu kuti kiyiyo ikuwaluma, makamaka akamalankhula ndi sitima, ndipo anabisa chifukwa ankaganiza kuti vuto lili m'thupi mwawo. Munthu wa zaka zawo, amene anatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi kuti apume, safuna kuti bwana amve zoti thupi layamba kugonja.

Ndinayesa nzeru zonse zomwe ndinali nazo. Ndinakutira kiyiyo ndi mphira wa chubu cha njinga, moto umene unkawalumawo n'kusamukira ku zomvera za m'makutu. Ndinakhoma pansi chitsulo cholumikiza ku makina kuti motowo uzithawira m'nthaka, n'kumathirapo madebe a madzi m'mawa uliwonse, koma pofika masana mchengawo unkakhala utamwa kale zonse. Nawonso makina anayamba kulira mwachibwibwi, moti ngakhale Mzee akapirira ululu, mawu ankafika m'sitima ali opindika. Tsiku lina sitima inamva molakwa n'kupitirira Ndumbi kumene kunali matumba a khofi akuidikira. Woyendetsa sitimayo analemba kalata kulikulu, ndipo m'kalatamo munali mawu amene anabaya Mzee kuposa moto uja: akuti dzanja lotere ndi la munthu womwa. Yankho linabwera loti Bwana Saa adzabwera kudzawayesa, ndipo akadzalephera adzachotsedwa ndi kalata yonena chifukwa chake. Mzee anawerenga, n'kupinda pepalalo kanayi, n'kunena kuti ntchito atha kuisiya, ali ndi munda ndi bwato, koma kalata yoti ndi chidakwa adzalowa nayo bwanji m'tchalitchi. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinadziona kuti ufundi wanga ndi wa dzina lokha.

Chaka chomwecho, Okutobala ndi Novembala

Ku Lipingo kunkakhala mzungu wina wokalamba amene anthu ankamutchula Bwana Kidevu chifukwa cha ndevu zake. Anabwera kudzafuna golide kumapiri a ku Mpepo, golideyo n'kumukana, iye n'kukhazikika kugombe ndi mbuzi zake ndi wayilesi yake. Anali mmodzi wa anthu aja amene amakhala ndi chilolezo cha boma cholankhulana pa wayilesi mongosangalala, osati pa ntchito. Lamulungu lililonse masana ankacheza ndi anzake a kumaiko akutali, nkhani yake n'kukhala ya nyengo ndi ya mawaya basi. Poyamba ndinkaziona ngati zamisala, munthu kufika mpaka kutsidya la nyanja yamchere kuti akafunse ngati kukugwa mvula. Koma safunsa anadya phula, choncho Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinabwereka njinga n'kupita.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenga kababu ka tochi kolumikizidwa ku kawaya kopindidwa ngati mphete. Anayatsa makina ake, n'kumasula chinachake pa eriyo yake, n'kuyandikiza kababuko pakhungu la kowakisi. Kanayaka, chingwe chili chosasenda. Anandifotokozera m'Chiswahili chake cha m'mphuno kuti mphamvu ya makina imayenera kukwera mkati mwa chingwe mokhamokha, koma ikafika pamwamba pomwe chingwe chakumana ndi mawaya awiri aja, ina imatayikira kunja n'kuyamba kutsika pamwamba pa timawaya toluka tija, kufunafuna nthaka. Nthaka ikakhala youma, imalowera kulikonse komwe yapeza, ndipo kwathuko inapeza chala cha Mzee. Mankhwala ake, anatero, ndi kukulunga chingwe chomwecho kangapo pamwamba penipeni, osachidula kapena kuchisenda. Zoyenda mkati sizidziwa n'komwe kuti chingwe chakulungidwa, koma zoyenda kunja zimakanika kudutsa. Iye ankachitcha choki. Ine nditaona maonekedwe ake ndinati imeneyi ndi nkhata, ngati ya amayi potunga madzi, ndipo dzinalo linakhala lomwelo.

Nditafunsa kuti ndikulunge kangati, anaseka.

"Ndikakuuza nambala udzangoloweza," anatero. "Makina anu salankhula pomwe amalankhula angawa. Tenga zidutswa za kowakisi izo, ndikutchunira makinawa pafupi ndi pomwe mumatchuna poitana sitima, upeze wekha."

Ndinapita Malamulungu anayi. Loyamba ndinakulunga pa chitini cha penti poona kuti n'chozungulira bwino, kababu n'kuyaka ngati sindinachite kanthu, ndipo ndinaphunzira kuti chitsulo sichifunika mkati mwa nkhata. Lamulungu lachiwiri ndinakulunga pa nsungwi yopyapyala n'kuisiya padzuwa sabata yonse. Pobwerera ndinapeza zoyera za mkati zija zitafewa ndi kutentha, waya wapakati atasuntha n'kukhudza timawaya takunja, kachidutswa konse katawonongeka. Bwana Kidevu anadandaula ngati ndamuphera mbuzi, poti kowakisi nthawi imeneyo sankagulitsa m'sitolo ina iliyonse kugombe konseko. Lamulungu lachitatu ndinangounjika mikombero pamodzi n'kumanga, ndipo kababu kankazima kapena kuyaka malinga ndi mmene mulu uja wagonera. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti mikombero iyenera kugona mondondozana, umodzi pambali pa unzake, ndipo woyamba ndi womaliza asayandikane.

Chokulungapo chabwino anandipangira ndi msodzi wina woluka mono. Ndinamupempha kachigoba ka timbali ta nsungwi, kopepuka, kotakata mainchesi asanu ndi limodzi, ndipo iye anafunsa kuti ndikufuna kugwira nsomba yanji m'mono wopanda khomo. Lamulungu lachinayi, pa kachigoba kameneko ndinayesa mikombero isanu ndi umodzi, kababu n'kuyakabe. Pa isanu ndi itatu kanayamba kufiira. Pa khumi ndi iwiri kanazimiratu. Mwadyera ndinapitiriza mpaka makumi awiri poganiza kuti yochuluka ndiyo yabwino, ndipo ndinadabwa kuona kababu kakuyakanso. Bwana Kidevu anati nkhata ikakula mopitirira imayamba kutayikira yokha, mphamvu n'kumadumpha kuchoka pa mkombero wina kupita pa wina. Ndinabwerera pa khumi ndi iwiri, ndipo nditayeza ndi chingwe cha thonje ndinapeza kuti pakufunika kowakisi wa mafiti ngati makumi awiri.

Mafiti makumi awiri amenewo ndiwo anali mutu waukulu. Ndinali nditalemba kale kulikulu kawiri kupempha chingwe, osayankhidwa, ndipo kalata yachitatu yofotokoza za nkhata ndinailemba n'kuing'amba, poopa kuti andifunsa kuti nzeru za mzungu wa mbuzi zalowa bwanji m'nyumba ya kampani. Chingwe chinalipo chimodzi chokha, chija chozungulira nyumba. Ndinaona kuti nditachichotsa m'munsi mwa denga n'kuchilowetsa pa kabowo ka pafelemu la zenera lakuseri, chitsala chokwanira. Loweruka lina masana ine ndi Mzee tinatsitsa eriyo, ndinaboola felemu, ndinakulunga mikombero khumi ndi iwiri n'kuimanga ndi ulusi wa ukonde woviika m'phula. Lolemba m'mawa Mzee anagogoda uthenga wautali wa katundu kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadumpha. Atatha anayang'ana chala chawo, n'kundiyang'ana ine, n'kupita panja. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta m'maso ndi chipewa.

A Chirwa ataiona nkhatayo ili lende pamlongoti, anaima nthawi yaitali manja ali m'chuuno. Ndinawafotokozera zonse, iwo n'kungoti shauri yako, kutanthauza kuti zako zimenezo. Koma ndinkawaona tsiku lililonse akamadutsa, khosi lili chopenya kumwamba, nkhope ili ngati ya munthu amene wamva mchenga m'kamwa.

Chaka chachitatu, mwezi wa Julayi

Mvula inatseka msewu, ndipo Bwana Saa anachedwa mpaka chilimwe china. M'miyezi imeneyo munachitika zinthu ziwiri. Madandaulo a m'sitima anatha, ngakhale kuti kalata ija inali ikadali m'mabuku a kulikulu ndipo mayeso sanafafanizidwe. Chachiwiri, dzina langa linasankhidwa kuti ndipite ku Dar es Salaam kukaphunzira miyezi isanu ndi inayi n'kubwera ndi satifiketi. Pepala lake linkangodikira siginecha ya Bwana Saa pa ulendo womwewo. A Chirwa anali atavomera kale kuti ndikadzabwerako tidzakambe za Agnesi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti bwanayo afike, ananditumiza ku Ndumbi kukatenga mabotolo a asidi. Ndinabwerera dzuwa litapendeka, ndipo nditakweza maso pamlongoti ndinapeza nkhata palibe. Chingwe chinali chitatsika mowongoka bwino, bowo la pazenera litamatidwa n'kupakidwa laimu mozungulira chingwecho. M'nyumba, kuseri kwa kabati, chingwe chotsala chija chinali chitapindidwa pa misomali iwiri mopingasa ngati nambala eyiti, mmene amalinyero amasungira zingwe kuti zisapotane. Inali ntchito yaukhondo kwabasi. Koma kupinda kotero mkombero wina umapita kumanja wina kumanzere, n'kumafafanizana, moti kwa moto uja kunali ngati chingwe changowongoka. Ndinawapeza a Chirwa pakhonde akusoka thumba, ndipo sanadikire kuti ndifunse.

"Ndamasula ndine, mwana wanga. Chingwe chako chonse chilipo, sindinadule ngakhale inchesi. Bwana akapita ukachipachikenso chisa chakocho."

Ndinawauza kuti mawa ndi tsiku lomwe Mzee akuyesedwa, ndipo mchenga wauma ngati chaka chatha.

"Ndikudziwa," anatero. "Nanga akaona chinthu chija pamlongoti, pepala lako asaina? Lamulo lili pachitseko, unaliwerenga. Haule ndi mnzanga, koma Haule wadya kale zake, ali kwawo, ali ndi abale mudzi wonse. Iwe uli ndi yani kuno? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Apirire ola limodzi, si mwana."

Sanalankhule mwaukali, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anandilowa. Ankandifunira zabwino, ndiponso ankafunira zabwino mwana wawo. Dzuwa linali likadalipo, ndikanatha kutsitsa eriyo n'kukulunganso lisanalowe. Sindinatero. Ndinadziuza kuti mwina mawa moto sukhala waukali, mwina Mzee apirira, mwina bwanayo sayesa nthawi yaitali. Ndikulemba izi kuti mudziwe kuti bambo anu anachita mantha, ndipo anasankha pepala.

M'mawa mwake Mzee anafika atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anayang'ana pamlongoti, anayang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Bwana Saa anayamba ndi kuyesa makina monga ankachitira nthawi zonse, atachotsa eriyo n'kulumikiza babu lalikulu m'malo mwake, ndipo mwa njira imeneyo vutolo silikanaoneka ngakhale akanayesa chaka chathunthu. Anati makina ali bwino. Anabwezera eriyo, anaika wotchi patebulo, anapatsa Mzee tsamba lodzaza ndi mawu kuti atumize kusitima, iye n'kukhala pambali ndi pensulo. Mzere woyamba unayenda. Pa wachiwiri ndinaona phewa la Mzee likunjenjemera. Pa wachitatu anadumpha, n'kubwereza, n'kudumphanso, ndipo pensulo ya bwanayo inayamba kulemba timizere. Fungo lija linandipeza pomwe ndinaima pafupi ndi mabatire. Mzee akanatha kunena mawu amodzi okha, kuti funsani Fundi za nkhata, mlandu wonse n'kugwera ine. Sananene. Anagogoda tsamba lonse mpaka pansi, thukuta likugwera pajekete.

Bwana Saa anatseka buku lake n'kunena, mosakweza mawu, kuti wamva yekha ndipo palibe chimene angachite. Anafunsa Mzee ngati ali ndi chonena. Iwo anaimirira, anati alibe, n'kutenga kapu yawo ya tiyi pawindo ndi kabuku ka nyimbo komwe ankasunga m'dirowa. Podutsa pomwe ndinaima anandigwira pamkono n'kunena chapansipansi kuti, "Si kitu, Fundi. Pita ukaphunzire." Si kanthu, akutero, munthu amene chala chake chikuchucha. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamveponso moyo wanga wonse, ndipo pakamwa panatseguka ndisanaganize n'komwe.

"Bwana, ndikupempha mugogode nokha mzere umodzi, eriyo ili yolumikiza, chala chili pa mkuwa."

Anayang'ana wotchi, kenako ine, ndipo mwina chifukwa choti ndinali ndisanamupemphepo kanthu, anakhala pampando. Sanamalize ndi liwu limodzi lomwe. Anabweza dzanja n'kuliika m'kamwa, mpando n'kugwa chagada. Pamenepo ndinaulula zonse: za timabala ta chaka chatha, za ku Lipingo, za bowo la pazenera, za nkhata imene inakhala pamlongoti miyezi isanu ndi iwiri popanda kalata yake. Ndinasuntha kabati n'kumuonetsa chingwe. Anapempha kuona dzanja la Mzee, ndipo analiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti anamasula nkhatayo ndani, ndipo ine sindinatchule dzina. Anangoti ndiibwezeretse aione.

Tinatsitsa eriyo, koma ndinkakulunga mopupuluma moti mikombero inkakwerana. A Chirwa anali ataima chapatali ndi anthu awo a padoko. Anabwera, anandilanda kachigoba kaja osandiyang'ana kumaso, anafunsa kuti kangati, ndipo anakulunga mikombero khumi ndi iwiri yogona bwino kuposa mmene ine ndinachitirapo. Titakweza, Mzee anakhalanso pampando, anakulunga chala ndi kansalu, n'kutumiza tsamba lomwe lija. Pensulo ya bwanayo sinakhudze pepala. Atamaliza, wa m'sitima anayankha kuti tsopano wabwera Haule, nanga woyamba uja anali ndani.

Bwana Saa sanali munthu woipa. Anandifunsa kukula kwa kachigoba ndi chiwerengero cha mikombero n'kulemba m'buku lake, ndipo ndinamva kuti pambuyo pake madoko ena analandira malangizo oti achite chimodzimodzi. Koma anandiuzanso kuti lamulo ndi lamulo, ndipo akandilekerera ine, mawa fundi aliyense akwera mlongoti ndi nzeru zake. Chimene chinamupweteka kwambiri, anatero, n'choti ndinaima pamenepo n'kuonerera munthu akupsa tsamba lonse. Pepala la ku Dar es Salaam analibweza m'chikwama losasaina, ndipo ine ananditumiza ku Ndumbi, kumene kunalibe wayilesi, kuti ndizikayang'anira nyali za padoko ndi injini yopopa madzi.

Chaka chachinayi, nthawi yokolola

Ku Ndumbi ndinakhalako zaka ziwiri. Mwayi wa sukulu sunabwerenso, poti pamene dzina langa linkayera, malowo anali atayamba kupatsidwa kwa anyamata a sekondale. A Chirwa anakhala chaka chathunthu osandilankhula, ndipo akabwera ndi sitima ankatuma munthu kudzandiuza zoti ndichite ine ndili pomwepo. Sindinawasungire mangawa, chifukwa zimene ananena pakhonde paja zinachitikadi monga ananenera. Amayi anu ndi amene anakana amuna awiri, wina wake kalaliki wa njinga yatsopano, ndipo nkhani imeneyo akakusimbireni okha chifukwa amaikometsa kuposa ine.

Mzee Haule anamaliza chaka chawo. Chala chija sichinabwererenso mwakale, chinauma kunsonga, moti miyezi yomaliza ankagogoda ndi chapakati. Atapuma ananditumizira uthenga pa bwato la asodzi kuti ndipite kwawo Loweruka. Ndinapeza pabwalo patakhala akazi awo, ana, adzukulu ndi akulu a mpingo anayi, ena mwa iwo anthu amene anali atamvapo mphekesera ija ya mowa n'kuyamba kuwapatsa moni wa patali. Titadya, Mzee analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu ya kampani. Chingerezi ankachidziwa kuposa ine, ndipo kalatayo anali ataiwerenga mpaka m'mopinda mwake mutayamba kuda, koma anandipatsa ine kuti ndiimirire ndiwerenge, ndizimasulira m'Chiswahili kuti aliyense amve. Inali yaifupi, yosainidwa ndi Bwana Saa. Inanena zaka zimene anagwira ntchito, inanena kuti dzanja lawo linali loyera, ndipo mzere womaliza unati pa zaka zonsezo sanapezekepo ataledzera ngakhale tsiku limodzi. Nditawerenga mzere umenewo ndinayamba kupinda kalatayo kuti ndikhale pansi.

"Ayi, Fundi," anatero Mzee. "Mzere womalizawo bwereza. Amayi awa samva bwino khutu lakumanzere."

Akazi awo ankamva bwinobwino makutu onse awiri, ndipo tonse pabwalopo tinkadziwa zimenezo. Ndinawerenganso, mokweza, ndipo atandipempha kachitatu ndinawerenganso.